Khadi la Atate Linkayamba Ntchito Naini Koloko

Atate anagwira ntchito ya njanji kuyambira ali mnyamata wongotsika kumene kuchokera ku Chipata mpaka imvi zitawadzaza mutu. Atapuma ntchito, chimene anabwera nacho kunyumba kwathu ku Chililalila, m'Kabwe muno, chinali khadi lachikasu lokhala ndi chithunzi chawo atavala tayi. Ndi khadi limeneli ankakwera sitima pa theka la mtengo. Sitimazo zitayamba kusowa, madalaivala a mabasi a njira yathu, omwe ambiri ndi ana a anthu a njanji omwewo, anagwirizana kuti nkhalamba yosonyeza khadili izilipiranso theka popita m'tauni. Koma anaikapo lamulo: khadi lizigwira ntchito kuyambira naini koloko m'mawa mpaka fili koloko masana, nthawi imene mabasi amayenda opanda anthu. M'mawa ndi madzulo, pamene apantchito ndi ana asukulu amakanganirana pakhomo, aliyense azilipira mtengo wonse.

Nkhalamba zina zinkanyinyirika nalo lamuloli. Atate ankalikonda. Munthu amene moyo wake wonse anaima papulatifomu wotchi ili m'manja, ukamuuza nthawi yoyambira ndi yomalizira, ndiye kuti wamufika pamtima. Ngakhale ku Misa, ansembe akatalikitsa ulaliki, atate ankakweza mkono n'kuyang'ana wotchi kuti tchalitchi chonse chione. Ife tinkawaseka, amayi n'kumawatsina pantchafu.

Kuseka kunatha pamene amayi anagonekedwa m'chipatala m'tauni. Ine ndimakhala ku Katondo, ndiye ndinkangoyenda wapansi kukawaona m'mawa kwambiri, geti ikangotsegulidwa, ndisanapite kukatsegula shopu. Nthawi imeneyo amayi ankakhala ali maso, mutu uli bwinobwino, akumwa phala ndiponso kunena anamwino miseche. Akangolandira mankhwala, tulo tinkawatenga mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo m'mawa uliwonse, ndisanaike n'komwe basiketi pansi, ankayang'ana kumbuyo kwanga. Sankafuna ine. Ankafuna mwamuna wawo.

Mwamuna wawoyo ankakwera basi ya naini koloko, n'kukhala pabenchi panja pa geti mpaka nthawi yoona odwala ya masana. Akalowa ankapeza amayi ali mtulo. Ankakhala pambali pa bedi, chipewa pa bondo, kuwayang'ana, kenako n'kunyamuka kuti fili koloko isawapeze m'tauni. Anthu awiri amene anakalambirana m'nyumba imodzi ankabwera pabedi limodzi tsiku ndi tsiku osaonana maso. Zinkandiwawa, ndipo zinkandipsetsa mtima.

“Atate, bwelani kuseni,” ndinawauza tsiku lina panja pa wadi, kuwapempha kuti azibwera m'mawa. “Amai afuna kukamba na imwe.”

“Khadi iyamba naini,” anatero.

“Nizakulipililani basi ine.”

“Nkhani si ndalama, mwana wanga. Ine sindine pasinja wamba. Ndili ndi khadi.”

Ndinkadziwa kuti sakunama. Ndalama ya basi sinkawasowa. Koma panjanji panalibenso wowadziwa, anzawo ambiri anali atagona kumanda, ndipo malo okhawo m'Kabwe monse amene munthu ankawayang'ana n'kunena kuti “apite aba, ni ba njanji” anali pakhomo la basi. Kulipira mtengo wonse kunali ngati kuvomera kuti iwo ndi nkhalamba chabe. Ndinkamvetsa, koma kumvetsa sikunandiletse kuwakalipira. Ndinawauza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo anandiyankha kuti amayi anga ndi olimba, atuluka sabata yamawa.

Adokotala atandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndiitane achibale, sindinapite kushopu. Ndinakwera basi mpaka ku Chililalila ndipo ndinawapeza atate akuthirira rape kuseri kwa nyumba. Ndinawauza mosapsatira. Anatseka mpopi, kenako anati mawa m'mawa afika.

Madzulo ake ndinawauza amayi kuti atate abwera m'mawa. M'mawa ndinawapeza atadzuka kale. Anandituma kuti ndiwapukute kumaso, ndiwadzoze mafuta, ndiwamange duku labuluu limene ankavala pa Pasaka. Anakana phala, akuti adya akabwera atate. Anandiuza kuti ndiwakhazike tsonga ndi mapilo kuti aziona kukhomo.

Zimene zinachitika ku Chililalila anandiuza pambuyo pake mayi wina woyandikana nafe nyumba, amene amagulitsa tomato kumsika ndipo anali m'basi yomweyo. Atate anafika pasiteji kusanache bwino, atavala jekete. Anakwera, anakhala. Ndalama yonse anali atakonzeratu m'thumba la malaya. Koma kondakitala atatambasula dzanja, dzanja la atate linachita zimene linazolowera: linatulutsa khadi. Kondakitalayo anali wachilendo panjira yathu, ndipo basi inali yodzaza.

“Bashikulu, iyi isebenza after nine,” anatero mokweza, kuwauza kuti alipire yonse kapena atsike. “Lipilani full olo selukani. Njanji inafa kudala, imwe mukali na khadi?”

Anthu anaseka. Sanaseke mwankhanza, akuti, kunali kuseka kwa m'basi basi. Mayi uja anati awalipirire. Atate anamuthokoza, anabweza khadi m'thumba, n'kuuza dalaivala kuti aime. Anatsika, anabwerera pasiteji, n'kukhala pamwala kudikira naini koloko.

Ife kuwadi tinadikira mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Ndinapempha namwino kuti achedwetse mankhwala pang'ono, ndipo anachedwetsadi, Mulungu amudalitse, mpaka ululu unawakulira amayi. Ine misozi ya mkwiyo inali ikutsika, ndipo ndinayamba kuwanena atate mawu amene mwana sayenera kunena. Amayi anandigwira mkono n'kundiuza mawu ochepa. Kenako anameza mankhwala, n'kugona. Sanadzukenso. Anapuma choncho masiku angapo, mtulo, mpaka anatisiya.

Masana a tsiku la duku lija atate analowa m'wadi fumbi lili mbuu m'nsapato. Sindinawapatse moni. Anaima pambali pa bedi nthawi yaitali, akuyang'ana nkhope yodzola mafuta ija, ndi mbale ya phala itazizira pakabati.

“Wawaveka duku ndani?” anafunsa.

“Beve beka ananituma. Benze kuyembekezela imwe.”

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Ndinkafuna kuti alire, kuti apepese, kuti achite chilichonse chimene chikanandipatsa mpata wowakhululukira. Anangofunsa ndi mawu otsika kwambiri ngati amayi anasiya mawu aliwonse.

Ndinawauza monga momwe amayi ananenera, osachotsa, osawonjeza: “Usawakalipire atate ako. Nthawi yawo siinakwane, akubwera. Ine ndadikira sitima zawo moyo wanga wonse, sindinatope.”

Atate anagwira dzanja la amayi. Fili koloko inakwana, inadutsa, alendo a masana anatuluka, a madzulo analowa n'kutulukanso. Namwino atabwera kudzawauza kuti nthawi yatha, anamuyang'ana n'kupukusa mutu. Aka kanali koyamba kuona atate anga akukana kumvera nthawi, ndipo amene akanasangalala nazo anali mtulo.