Malemu wa Miyendo Inayi

Inu okonda nkhani zolimbikitsa, zija za anthu amasuti onena kuti anayamba ndi kugulitsa machesi, khalani pansi. Yangayi ilibe suti. Muli mayi wamasiye, galu ndi lamba. Inenso ndine wamasiye, sukulu ndinalekezera panjira, ndiye ndilemba mmene ndimalankhulira. Amene zimuwawe zimuwawe.

Mayiwa timangowatchula kuti aTelala. Khomo lawo ndi langa ndi oyang'anana pamdadada wa nyumba zalendi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo chimodzi. Amuna awo atamwalira, achibale anabwera ndi lole misozi isanaume. Anatenga bedi, mipando, mbale, mpaka babu lamagetsi anapotokola. Afisi enieni! Makina osokera anapulumuka chifukwa anali kwa okonza. M'chipinda munangotsala mphasa ndi msomali kukhoma. Pamsomalipo panali lamba wa malemu, wachikopa, wachitsulo chachikulu kumutu. Alamu awo anamugwiragwira n'kumusiya, akuti watha.

ATelala anasiya kusoka. Anasiya kulankhula. Ntchito yawo inali kupita kumanda n'kubwera, kupita n'kubwera, nkhope ili mbuu ngati nawonso akudikira malo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anabwera ndi chinthu pambuyo. Galu. Nthiti zoonekera, ubweya wothothoka, m'khosi chilonda chozungulira ngati anamangidwa ndi waya. Pamwamba pa diso lamanzere panali chipsera. Amene tinali pampopi tinangoyang'anana, chifukwa malemu anali ndi chipsera pamalo omwewo.

"Mwamutenga kuti ameneyu?" ndinafunsa.

"Pageti lamanda. Sindinamuitane. Wangonditsata."

Galu uja sankauwa. Sankagwedeza mchira. Akalowa m'chipinda ankaima pakati, n'kuyang'anitsitsa kukhoma, pamsinkhu wa nkhope ya munthu woimirira. Maso osaphethira, ubweya wapamsana uli nyang'anyang'a. Masana enieni, chitseko chili chotsegula, iwe ukuona khoma, iye akuona china. Ana anamupatsa dzina: Malemu.

"Abambo aja abwerera, adzaone amene akulowa m'nyumba mwawo," anatero mayi wina akuchapa.

"Ngati ndi iwo, auzeni abweze ndowa yanga," anayankha mnzake.

Tinaseka, koma palibe amene ankadutsanso pakhomo paja opanda kufulumiza mapazi.

Koma tamverani ichi. Chifukwa cha galu ameneyo aTelala anayamba kudzuka m'mawa. Anatsuka chilonda chija, anayatsa moto kuti amuphikire, nawonso n'kudyako. Anakatenga makina awo kwa okonza. Ife anthu, ndi mapemphero athu ndi "pepani" wathu, tinalephera kuwadzutsa. Anawadzutsa ndi galu wankhanambo.

Ndiye kunabwera eni nyumba, bambo wamimba yake. Anaima pabwalo, anamasula lamba kuti amange bwino thalauzi, uku akuitana galu mwachibwana: "Iwe Malemu, tabwera kuno!"

Galu sanauwe. Anangouluka. Thalauzi linang'ambika kuyambira pabondo mpaka pansi. Mwayi wake mano sanafike pamnofu.

"Mwezi uno ukatha ndibweranso," anatero eni nyumba. "Ndikadzapeza galu wosamva kuitana, afa tsiku lomwelo. Ine sindisunga mizukwa pamalo panga."

Ine ndinaona maso a aTelala akubwerera kuja kumanda. Galuyo akanafa, tikanaika maliro awiri.

Amayi apampopi anati kuli katswiri wophunzitsa agalu, ankagwira ntchito yaulonda, amamutcha Sajeni. Anabwera ndi unyolo wothina pakhosi ukakoka, ndi chidutswa cha paipi yakuda. Anabweranso ndi galu wake woonetsera. Galu ameneyo ankachita chilichonse chimene wauzidwa, koma mimba ili pansi, mchira uli pakati pa miyendo, maso ali padzanja la mbuye wake.

"Mayi, galu ali ngati mkazi," anatero Sajeni. "Azidziwa kuti mwini nyumba ndani."

Mwamva? Ndipo anthu oterewa amadya, amagona, amatchedwa akatswiri.

Anaveka Malemu unyolo pachilonda pomwe paja. "Bwera kuno!" Anakoka. Galu anakodza pomwepo, n'kugwa chammbali, maso ali tong'o, osapuma ngati wafa.

"Mwaona? Wagonja kale," anatero Sajeni akumwetulira.

Galu sanadye tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. ATelala nawonso sanadye. Sajeni atabweranso anapeza chitseko chotseka, mayi ali mkati agwira chogwirira ndi manja awiri. Sanamutukwane, sanamuyankhe, koma sanatsegule. Kwa munthu amene moyo wake wonse ankangoti "chabwino bambo," kumeneko kunali kukwera phiri.

Chilonda chinatsegukanso, ndiye aTelala anapita naye kwa dokotala wa ziweto. Dokotala anachitsuka n'kuwauza kuti: "Musapereke galu kwa munthu musanamufunse funso limodzi: galu akalakwa mumatani? Ndipo muyang'ane galu wakeyo, osati pakamwa pake."

ATelala anayenda kufunafuna wophunzitsa agalu wina. Woyamba anati, "Timamulanga pang'ono." Anatembenuka. Wachiwiri anati, "Mutisiyire, mudzamutenge atasintha, koma eni ake saloledwa kuonerera." Anatembenukanso. Chimene munthu akukana kuti uone, dziwa kuti n'chonyansa.

Wachitatu anali mayi wamfupi, nsapato zamatope, kachikwama konunkha chiwindi m'chiuno. Galu wake anagona chagada pakhonde, miyendo m'mwamba, alendo alipo.

"Galu akalakwa mumatani?"

"Ndimadziwa kuti ndafulumira ndine. Timabwerera m'mbuyo, timayambanso."

Mphunzitsi ameneyo atabwera sanamugwire galu. Sanamuyang'ane n'komwe. Anakhala pansi chammbali, n'kumaponya tizidutswa ta chiwindi chouma, kamodzikamodzi, uku akucheza ndi aTelala za ulusi. Ine ndinaima pakhomo. Mumtima ndinati, awa abwera kudzadyetsa galu basi.

Kenako galu anaima pakati pa chipinda, n'kuyamba zake zija. Khoma. Ubweya nyang'anyang'a. M'chipinda munazizira, kapena ndine ndinazizidwa, sindidziwa.

"Akuona munthu," aTelala ananong'ona. "Amaima pomwepo."

Mphunzitsi anatsata maso a galu. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kuchotsa lamba pamsomali. Chitsulo chija chinalira, ngwe!

Galu anathawira pakona, mano ali panja. Koma si iye yekha. ATelala anali atanyonyomala kuseri kwa makina, manja onse awiri ali kumutu.

Mphunzitsi anaika lamba pansi ngati akuika njoka.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "wodziwa lamba m'nyumba muno si mmodzi."

ATelala anati, "Ankayamba ndi kundiitana. Mwaulemu. 'Tabwera kuno.' Ndikafika ndiye ankamasula."

Pamaliro a bambo aja anthu anaima n'kuwatama kuti anali munthu wosakweza mawu. Zoona, sankakweza. Ndipo achibale aja anatenga mpaka babu, koma chinthu chimodzi choyenera kuchotsa m'nyumbamo ndicho anamusiyira mkazi. Mayi n'kumachisunga pamsomali, akuti chikumbutso, akuti anthu angati chiyani ndikataya.

"Galuyu sindikudziwa kumene anachokera," anatero mphunzitsi. "Koma amene anali naye ankamuitana kaye asanamumenye. Kwa iye mawu oti bwera anaola. Sitingawatsukenso. Tipeze mawu ena, amene sanatsatidwepo ndi ululu. Sankhani nokha, amene pakamwa panu pangawakonde."

ATelala anayang'ana msomali wopanda kanthu uja.

"Zatha," anatero.

"Basi, ndi amenewo. Koma lamulo ndi ili: musadzawanene mutakwiya. Akabwera, ngakhale atakuberani nyama mumphika, apeze chabwino m'manja mwanu. Mukadzamulanga atabwera, mwawaoletsanso."

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Anayamba ali pafupi, phazi limodzi. "Zatha," chiwindi. Kenako mbali ina ya chipinda. Kenako pakhonde. Poti khosi linali ndi chilonda, aTelala anasoka chomangira pachifuwa ndi nsalu ya jinzi yakale, n'kulumikiza chingwe chachitali. Tsiku lina galu ankabwera, mawa lake ankalowa pansi pa thanki yamadzi n'kukana kutuluka mpaka dzuwa kupendeka. Amayi apampopi ankaseka.

"Zatha chiyani? Chiwindi ndiye chatha!"

Mphunzitsi anatenganso lamba uja. Ankauza aTelala kuti aime naye patali, alize chitsulo pang'ono, galu apatsidwe chiwindi. Ngwe, chiwindi. Ngwe, chiwindi. Poyamba galu ankathawa, iwo n'kubwerera m'mbuyo, n'kuyambanso. Mpaka tsiku lina chitsulo chinalira, galu n'kunyambita milomo. ATelala anaseka. Ine chibwerere pamdadada uno ndinali ndisanaone mano awo. Galimoto yazinyalala itadutsa, lamba anakwera.

Vuto linatsala limodzi. Mawu.

"Amayi, mukunong'ona," ankatero mphunzitsi. "M'chipinda akumvani. Pamsewu sadzakumvani. Tulutsani mawu."

"Satuluka. Amakakamira apa."

Mwezi unatha. Eni nyumba anabwera, ndipo anabwera ndi Sajeni, atanyamula ndodo yokhala ndi waya wokolera kunsonga. Mphunzitsi kunalibe, anali atapita ndi mwana kuchipatala. Polowa anasiya geti lotsegula.

Galu atangomva fungo la Sajeni anadumpha pakhonde, chingwe chinapulumuka m'manja, uyo pamsewu! Magalimoto akuimba mahutala, njinga zikukhota, anthu akutola miyala.

"Muitaneni tione," anatero eni nyumba, manja ali m'chiuno.

Mdadada wonse unayamba kukuwa. "Bwera! Malemu, bwera! Bwera kuno!" Zitsiru, ankati akuthandiza. Akakuwa, galu ankapita patali. Sajeni anayamba kuyenda ndi ndodo yake, mosafulumira, ngati munthu wodziwa kuti nyama ndi yake kale.

ATelala anaima pageti. Pakamwa panatseguka, osatuluka kanthu. Anagwira pakhosi. Ndinaona chifuwa chikukwera.

"ZATHA!"

Mawu amenewo anagunda khoma la tsidya lina n'kubwerera. Mbalame zinauluka pawaya. Aliyense anangoti chete, ngakhale wanjinga anaponda pansi. Sanali mawu oitana galu okha ayi. Amene anawamva akudziwa.

Galu anaima pakati pa msewu. Anatembenuka. Pakati pa iye ndi mayi panali Sajeni ndi waya wake. Anayang'ana waya, anayang'ana mayi. Kenako anathamanga, kudutsa pafupi ndi miyendo ya Sajeni, chingwe chikukwekwereka pambuyo, mpaka kudzakhala pamapazi a aTelala. Mayi anagwada n'kumupatsa chiwindi chonse chimene chinali m'thumba.

Pamenepo galu anakweza mutu n'kuuwa. Kamodzi kokha, mawu osasa ngati chitseko chadzimbiri.

"Kodi ali ndi mawu?" anadabwa eni nyumba.

"Onse awiri," ndinawayankha.

Eni nyumba anakanda m'mutu, anauza Sajeni kuti azipita, iwonso n'kutsata. Nkhani ya kupha galu inathera pomwepo.

Lero aTelala amasoka zomangira pachifuwa za agalu. Mphunzitsi uja anaonetsa chija chajinzi kwa anthu ake, ndiye makina salekeza kulira. Loweruka amapita limodzi kukathandiza agalu otoledwa, aja oluma ndi aja ongonjenjemera. Akafika panyumba ya munthu sayamba ndi galu. Amakhala pansi chammbali, n'kufunsa kuti, "Kodi amaopa mawu ati?" Dzina loti Malemu linafa lokha. Ana amamuitana Zatha, ndipo amabwera mchira ukugwedera mpaka chiuno.

Sindikunamizani, chimodzi chilipo. Msomali uja akadali kukhoma. Nthawi zina masana, makina akaima, galu amadzuka n'kuyang'ana pomwe paja, pamsinkhu wa nkhope ya munthu. Lamba kulibe. Chimene amaona, ine sindidziwa, ndipo za chipsera chija musandifunse. ATelala satembenuka n'komwe. Amangoti, "Zatha," galu n'kubwera kudzagona pamapazi awo, makina n'kuyambanso.

Ndiye inu amene mwatola galu wovulala, musamupereke kwa munthu wa paipi ndi unyolo chifukwa walonjeza zachangu. Mufunseni kuti akalakwa mumatani. Yang'anani mchira wa galu wake. Wogona chifukwa cha mantha sanaphunzire kanthu, wangofa ali moyo.

Ndipo iwe mnzanga amene ukusunga lamba pamsomali poopa kuti anthu anena chiyani, anthu amenewo anali kuti pamene unkaitanidwa mwaulemu? Chotsa. Ngati mawu akale anaola, peza ako atsopano, uyambe ndi kunong'ona, phazi limodzi, mawa mbali ina ya chipinda. Ukalephera bwerera m'mbuyo, uyambenso. Mtima wako usautaye, anakulanda zambiri kale, umenewo usawapatse. Tsiku lidzafika loti udzaime pageti, msewu wonse ukumve.