Nyimbo yoperekeza a Zakeyo

Mukakwera minibasi yochokera ku Nkhamenya kupita pa Boma masiku ano, simungadutse pa Chatoloma musanamve mawu a Gladness Mphepo. Ndi mawu osasa, olemera, oti ukawamva koyamba umaganiza kuti sipika yang'ambika. Anthu amayesa kuti mayiyu anayamba kuimba ali mwana. Ayi ndithu! Kwa zaka zambiri Gladness ankangopeka nyimbo, ena n'kumaimba, mwini wake ali duu kumbuyo.

Anabwera ku Wimbe ali ndi zaka khumi, pa lole yodzaza matenanti ochokera ku Phalombe. Bambo ake, a Zakeyo, ankati alima fodya pa esiteti zaka ziwiri zokha kenako azibwerera kwawo. Zaka ziwirizo zinaberekana mpaka Gladness anakula, ulendo wakwawo uli pakamwa pokha.

Nyimbo zake zinkabadwira m'chigafa. Amene anasokapo fodya akudziwa kuti ntchitoyo imafuna zala basi, mutu umangokhala. Ena mutuwo amaudzaza ndi miseche, Gladness ankaudzaza ndi nyimbo. Papepala sankalemba, poti zala zinkakhala zomata ndi utomoni wakuda wa fodya. Nyimbo ikakhalabe m'mutu mpaka poweruka, ankadziwa kuti yakhwima. Ikaiwalika, sankaidandaula.

Tsiku lina analimba mtima n'kukaimba ina ku kwaya ya kutchalitchi. Mkulu wa kwayayo anamvera mzere umodzi wokha n'kukweza dzanja.

"Mwanawe, nyimboyi ndi yokoma, koma umupatse Ennie aimbe. Iwe uziwomba m'manja."

Anthu anaseka. Gladness nayenso anaseka nawo, nanga akanatani? Koma mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa, ndipo kuyambira pamenepo sanaimbenso pagulu. Ankapekera Ennie, ankapekera amayi a chimtali, makamaka ankapekera Wyson, mnyamata wa kiyibodi yemwe ankasangalatsa anthu m'maukwati. Wyson anali ndi mawu, eee, zimenezo sitingamumane, koma kupeka ndiye kunalibe. Ankabwera kuchigafa pa njinga, n'kutchera foni pakamwa pa Gladness, iye n'kung'ung'udza chamumtima, basi nyimbo yapita.

A Zakeyo anamwalira mu Febuluwale, fodya ali m'munda. Kunyamula maliro kuchoka ku Kasungu mpaka ku Phalombe si nkhani ya tenanti. Eni mudzi anachita chifundo n'kupereka malo m'mphepete mwa manda, kumene amagona alendo. Chimene chinawadya mtima amayi ake a Gladness, a Feliya, si imfa yokhayo ayi. Ankati amuna awo njira yakwawo saidziwa. Anaiyenda kamodzi kokha, pobwera, atakhala pansi pa lona kumbuyo kwa lole, osaona kanthu. Nanga banja likadzanyamuka, iwo adzatsatira bwanji?

Gladness anapita pa golosale ya a Lajabu, amene amakapikula katundu kummwera, n'kuwapempha kuti amutchulire malo onse a m'njira, amodziamodzi. Anabwerera kuchigafa akuwabwereza, ndipo sabata isanathe nyimbo inali itapsa:

Nyamukani bambo, lole yafika,
pa Mponela musatsike, si kwanu,
pa Dedza mufunde, kukuzizira,
pa Liwonde muwoloke, madzi musawaope.

Inkapitirira choncho, pang'onopang'ono ngati munthu wodwala akuyenda, mpaka pakhomo pawo. Anawaimbira amayi ake kamodzi, motsitsa mawu, ali awiri. A Feliya anamvera mpaka kumapeto, n'kupukuta m'maso ndi chitenje.

"Imeneyi ndi ya bambo ako," anatero. "Idzamveke kumanda tsiku limene tidzanyamuke."

Apa ndi pomwe Gladness analakwa, ndipo ine sindimuweruza. Anaganiza kuti nyimbo yotere siyenera mawu ngati ake. Bambo ake anali oyenera kuperekezedwa ndi munthu wodziwa kuimba. Choncho Wyson atabwera ndi foni yake ija, anamupatsa, n'kumufotokozera bwinobwino kuti ndi ya kumanda, adzaimbe tsiku lonyamuka. Wyson anati, "Musadandaule achemwali, zimenezo n'zazing'ono."

Zazing'ono! Atafika kwawo anaiyesa pa kiyibodi, chala chinagunda batani la ng'oma zothamanga, ndipo anamva kuti ikuvinika. Pamene panali "bambo" anaikapo "mkwatibwi". Pofika Julayi, fodya atagulitsidwa, maukwati ali mbwee, panalibe mtsikana wa ku Wimbe amene anapita kubanja popanda nyimbo imeneyo. Ana ankaiimba pothamangitsa mbuzi. Gladness anakamufunsa, Wyson n'kudabwa zenizeni kuti akukwiyiranji pomwe nyimbo yake yatchuka.

Anayesa kuwabisira amayi ake, koma ungabise bwanji chinthu chotuluka m'masipika? Loweruka lina masana, akuchokera kuchigayo, anadutsa pa ukwati. Azimayi anali atamanga zitenje m'chiuno, fumbi lili kobo, onse akukuwa kuti pa Mponela musatsike. A Feliya anaima ndi thumba la ufa pamutu. Anamvera. Kenako anacheuka n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Iwe, bambo ako wawapereka kuti anthu aziwavina?"

Masabata atatu ankaphika, ankadya limodzi, ankagona nyumba imodzi, koma a Feliya nkhope ya Gladness sankaiyang'ana. Gladness akunena yekha kuti m'moyo wake sanamvepo ululu woposa umenewo. Maliro aja anali ndi anthu omulira nawo, koma izi anazisenza yekha, ndipo ankadziwa kuti wolakwa ndi iyeyo.

Lole yobwerera ku Phalombe inafika kumayambiriro a Seputembala. Katundu atakwezedwa, a Feliya anauza dalaivala kuti adikire, n'kulowa kanjira ka kumanda osaitana munthu. Gladness anawatsatira patali. Sanamuitane Wyson kuti adzaimbe, ndipo sakanayerekeza. Matenanti anzawo angapo anatsatiranso mwakachetechete.

A Feliya anagwada, anazula udzu pamtumbira, n'kuyamba kuwatsanzika amuna awo, koma analephera kumaliza. Dalaivala analiza hutala. Gladness anaona kuti akapanda kutsegula pakamwa pano, amayi ake akwera lole ija akukhulupirira kuti amuna awo awasiya m'tchire la eni. Manyazi anali pomwepo, komabe anayamba.

Mawu anatuluka osasa monga mwa masiku onse. Palibe anaseka. Anaimba mosathamanga, monga inabadwira m'chigafa. Anawadutsitsa a Zakeyo pa Mponela, anawafunditsa pa Dedza, anawawolotsa pa Liwonde, anafika nawo pa Zomba, kenako analumphira kumapeto, pakhomo. Sanadziwe n'komwe kuti walumpha. Wyson anali atadula mizere ya pakati kuti igwirizane ndi ng'oma zake, ndipo nyimbo yodukayo Gladness anali ataimva kambirimbiri mpaka inamulowa.

Gladness atamaliza, a Feliya anadzuka, anasasa dothi m'mawondo, ndipo anamuyang'ana m'maso koyamba chichokereni kuchigayo kuja.

"Pa Zomba sunawauze kuti akhotere ku Jali," anatero. "Ukufuna akathere ku Limbe? Munthu wosadziwa njira ameneyu."

Hutala inaliranso. A Feliya sanacheuke. Anamugwira dzanja mwana wawo n'kumukokera pafupi ndi mtumbira.

"Adikire ameneyo. Yambiranso, mwanawe. Bwinobwino, bambo ako amve."