Tsiku limene saluni ya a Namakhwa inakana chiwongolero

Ntchito yanga yoyamba ya udalaivala ndinaipeza chifukwa munthu wina anaithawa. Chiwongolero ndinachiphunzirira pa thirakitala ya ku esiteti ya tiyi, laisensi ndinali nayo, koma ndinkangokhala kwathu ku Chonde. Tsiku lina malume atabwera kumsika anati a Namakhwa, eni chigayo amene analinso tcheyamani wa chipani m'dera lathu, akufuna dalaivala. Sindinafunse chimene chinathawitsa woyambayo. Ndinachidziwa sabata yomweyo pa Chitakale, nditaponda buleki mwadzidzidzi. Khofi la a Namakhwa linatera kunkhongo kwanga mpaka chipewa kugwera pamiyendo.

Galimoto yawo inali saluni yobiriwira, yokwera bwino, yoyenera misewu yathu yafumbi. Tsoka lake, ku Limbe anaona ya mwana wa mwini sitolo wina itakhala pansi ngati ikununkhiza msewu, mtima wawo n'kupita pomwepo. Saluniyo tinapita nayo kukaitsitsa kwa a Zuze, makaniko wa pa Chitakale amene anaphunzira ntchito kwa Apwitikizi. Iwo anaikweza pa jeke, n'kuika zitsa kunsi, n'kumasula matayala. Sipiring'i iliyonse yonyamula galimoto pamwamba pa tayala ankayamba aipana ndi zitsulo kuti isawadumphire kumaso, kenako n'kuidula ndi sowo. Asanadule yoyamba anaima.

"Bwana, pa tala idzakukomerani, koma ku fumbi idzakukanani."

"Dula. Galimotoyi ndi yako?"

A Zuze sananame. Pa msewu wa ku Blantyre inkakoma ngati yatsopano. Pokhota sinkapendekeka monga kale, ndipo ukangokhudza chiwongolero inkamva. Koma sipiring'i yodula imauma, ndipo mashoko, zitsulo zija zoletsa galimoto kudumphadumpha, amasowa malo osewerera. Ku fumbi bampu iliyonse inkafika m'msana. Matayala m'malo motsatira nthaka ankanjanja, ndipo tayala limene lili m'mwamba silikhota, silimvanso buleki. Akutsogolo anapendekera m'kati n'kuyamba kudyeka mbali imodzi. Ekizozi ikakhula mwala, khofi linali langa.

Tsiku loipalo linali la m'dzinja. Kunali msonkhano wa chipani m'mudzi wina m'munsi mwa phiri, kudutsa m'minda ya tiyi. Kumbuyo kunakwera anyamata atatu a chipani, matupi ngati ng'ombe, ndipo m'buti anaikamo mabatire ndi chimkuzamawu. Galimoto inakhaliratu pansi.

"Bwana, mmodzi atsale, kapena titsitseko katundu," ndinatero.

"Iwe ndiwe dalaivala kapena tcheyamani? Tachedwa, ponda moto."

Ndinaponda. Nthawi zonse ndikachepetsa liwiro, mnyamata wa kumbuyo kwanga ankandibaya m'nthiti ndi ndodo. Tinafika pamtsetse wolowera ku kamlatho, pamene mvula inasiya msewu uli mizeremizere. Galimoto inayamba kunjenjemera, chiwongolero chinapepuka m'manja ngati chaduka. Tayala lakumanzere linagunda madigadi, chitsulo chija chophimba tayala, n'kuphulika. Kutsogolo kunali mzere wa amayi othyola tiyi, madengu kumsana, akupita kokayezetsa masamba. Buleki sinamve. Ndinakhotetsa ndi mphamvu zanga zonse kulowera kumtunda, galimoto inayenda chammbali n'kukadzimenya pachiunda cha munda. Dengu la mayi wina linakokedwa ndi galasi la m'mbali mwa galimoto, iye n'kugwera m'ngalande.

Sindinatuluke ndekha. Anyamata aja anandikoka pakhosi pa malaya n'kundiponya m'matope. A Namakhwa, magazi akuchucha pamphumi, ankakuwa kuti, "Watumidwa ameneyu! Amafuna kupha anthu a chipani!" Amene anakhalapo masiku amenewo akudziwa kulemera kwa mawu otero. Munthu ankatha kusowa nawo osaonekanso.

Nsapato yoyamba inandipeza pakamwa, mano awiri ndinawalavula ndi magazi. Wina anatsegula buti n'kutulutsa sipanala yomasulira matayala. Ndinatchinga mutu ndi mkono, ndipo ndinaumva ukuthyoka ngati phesi louma. Kachiwiri sipanalayo inatera kukhutu, dziko lonse linangoti zii. Ndinkaona pakamwa pa a Namakhwa pakuyasama koma osamva kanthu. Ndinadzipinda m'matopemo n'kuyamba kuitana amayi anga.

Kenako chinthu cholemera chinandigwera pamwamba. Anali mayi uja wa m'ngalande, chigongono chili chosupuka, atandifungatira thupi lonse. Ndi khutu lotsalalo ndinamva akulira kuti, "Yambani ine! Mwanayu watilewa, mukanatipha tonse!" Ndodo inamugwera pamsana koma sanasunthe.

Ndodo imeneyo ndi imene inaitana amuna. Kapitawo wa othyola tiyi anatsika m'munda ndi anthu ake, ena atagwira mipeni yodulira mitengo ya tiyi. Sanathamange, sanakuwe. Anangozungulira galimoto n'kuima.

"Bwana tcheyamani," anatero kapitawoyo, "mkazi amene mwamenyayu ndi wa m'gulu langa. Uzani mwana wanuyo aike chitsulocho pansi."

Mnyamata wa sipanala anayang'ana a Namakhwa. A Namakhwa anayang'ana mipeni ija. Sipanala inagwa m'matope.

Anandinyamulira pa ngolo ya thirakitala, pamwamba pa masamba a tiyi, mpaka kuchipatala cha pa boma. Nditatuluka malume anandibisa kwa abale athu kufupi ndi malire kufikira nkhani itazizira. Mayi uja ndinamufunafuna pambuyo pake, koma anandiuza kuti anachoka pa esitetipo mwezi womwewo, ndipo dzina lake palibe anafuna kulitchula.

Ndayendetsa malole ndi maminibasi zaka zambiri chichokereni apo, khutu lakumanzere lili logontha. Anyamata a lero akandionetsa galimoto zawo zotsitsa sindiwanyoza, ndimangowafunsa msewu umene akayendamo ndi anthu amene akanyamula. Ineyo ndisanakwere galimoto iliyonse, katundu atalowa kale, ndimalowetsa chibakera pakati pa tayala ndi madigadi. Chikakana kulowa, makiyi ndimabweza kwa mwini wake, akhale ndani.