Mpata wa pa Munda wa Koko

Kyeremaa ndi mwana wanga wachitatu, ndipo pa ana anga onse ndi yekhayo amene sindinamumvepo akunena kuti watopa. Sukulu anailekera panjira chaka chimene bambo ake, malemu a Takyi, anayamba kudwala. Anagulitsako madzi pa siteji ya basi. Anaphunzirako kusoka m'tauni, makina ake n'kubedwa. Kenako anabwerera kuno ku Dwomokrom ali ndi zaka 28, wopanda mwamuna, wopanda mwana, chikwama chimodzi kumanja.

Chaka chimenecho, mphepo youma ya kumpoto itangoyamba kung'amba anthu milomo, wolengeza anazungulira mudzi ndi chitsulo chake. Anati gulu lozimitsa moto wa m'tchire likufuna anthu atsopano. Kyeremaa anasiya mbale zili m'madzi n'kupita kukalembetsa.

"Imeneyo ndi ntchito ya amuna," ndinatero atabwerako.

"Moto ukamabwera sufunsa amene wavala nsalu, Maame."

Mkulu wa gululo ndi Wofa Ameyaw; kuno Wofa ndiye kuti malume. Si malume ake enieni, koma mudzi wonse umawatchula choncho. Ndi bambo wamfupi, wa chipsera chachikulu pamkono, wosakonda kubwereza mawu. Lamulo lawo ndi lakuti wophunzira sagwira muuni woyatsira udzu chaka choyamba. Amasenza madzi, amanola zikwanje, amadula nthambi za kanjedza zomenyera moto, ndipo anzake akamapita kwawo iye amatsala kuthira dothi pa zitsa zofuka. Anyamata a m'gululo anamupatsa dzina loti Madamu Ndowa.

Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinawapeza akulambula njira yotchinga moto kuseri kwa sukulu.

"Madamu Ndowa! Madzi athu ali kuti? Kapena mwasambira panjira?" anakuwa wina.

"Ndikubwera nawo, achimwene. Koma mmene ndikuionera nkhope yanuyo, akufunika kumeneko kuposa kumoto."

Onse anafa nacho chiseko, mpaka Wofa Ameyaw anatembenukira kumbali kuti asaoneke mano.

Ntchitoyo anaikonda. Madzulo tikamasenda zilazi ankandiphunzitsa ngati ine mwana. Ankati moto ukamakwera mtunda umathamanga, ukamatsika umakwawa. Ankati ukafuna kudziwa kumene ukulowera, uwaze phulusa m'mwamba. Chimene chinkamusangalatsa kwambiri chinali moto wokumana nawo unzake.

"Moto waukulu sumenyedwa ndi nthambi, Maame. Timalambula njira patsogolo pake, n'kuyatsa wathu waung'ono m'mbali mwa njirayo. Wathuwo umapita kukakumana nawo. Waukuluwo ukafika, upeza udzu wadyedwa kale, basi umafa. Koma mzere usaduke. Ukasiya mpata, ngakhale wa mkono umodzi, wonse umadzera pomwepo ngati mbuzi zaona chitseko."

Ndinamva, ndinagwedeza mutu. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Chaka chachiwiri anamupatsa muuni. Ndipo panali nkhani ina. Chaka chilichonse a ku boma amatenga munthu mmodzi m'gulu lililonse kupita naye kusukulu ya ozimitsa moto, ndipo akamaliza amalembedwa ntchito yeniyeni, ya yunifomu ndi malipiro. Satenga munthu amene wakwanitsa zaka 30. Kyeremaa anali ndi 29. Wofa Ameyaw anali atamuuza kale kuti chilimwe chikatha bwino, dzina limene alembe ndi lake. Mwayiwo unali woyamba, unalinso womaliza. Mwana wanga anagula kope n'kumayeserera kulemba, poti dzanja linali litaiwala.

Moto unabwera Lachiwiri lina mu Febuluwale, chilimwe cha kuno chili pachimake, dzuwa litangopendeka. Anauyatsa ndi osaka nchenzi kutsidya kwa mtsinje, mphepo n'kuukankhira kuminda yathu. Ine ndinali m'munda wanga wa koko, ndikukokolola masamba ouma pansi pa mitengo. Ndinayamba kumva kuthetheka, kenako mbalame zodya ziwala zinadzaza kumwamba, kenako wezulo ya gulu lozimitsa moto.

Pakati pa munda wanga pamadutsa kanjira ka anthu. Kumtunda kwa kanjirako kuli mizere inayi ya koko, kumunsi ndiko kuli munda wonse. Mizere inayiyo ndiyo a Takyi anayamba kudzala chaka chimene tinakwatirana, ine ndikuwanyamulira mbande m'beseni. Inali mitengo yokalamba, yobala pang'ono. Koma ndikamadutsa pamenepo ndinkayenda pang'onopang'ono.

Njira imene gulu linalambula kale inali italumphidwa. Nthawi yolambula ina panalibe. Wofa Ameyaw analamula kuti ayatse motsatira kanjira kathuko, kumtunda kwake, ndipo chigawo cha m'munda wanga anapatsa Kyeremaa poti malowo amawadziwa. Ndinamuona akutulukira mu utsi, nsalu yonyowa kukamwa, muuni kumanja, akuyatsa udzu phazi ndi phazi. Nditazindikira kumene mzerewo ukulowera, ndinataya chokokolera n'kumuthamangira.

"Kyeremaa! Apa ayi!"

"Maame, mukutani kuno? Tsikirani kumtsinje!"

"Mitengo iyi anadzala ndi bambo ako."

"Ndikudziwa. Ipsa inayi, munda wonse utsala. Chokani, chonde."

Pamenepo ndinachita chimene mayi sachita kwa mwana wake. Ndinagwada pansi, ndinamugwira jombo ndi manja awiri.

"Ukaiyatsa ndi dzanja lako, usadzanditchulenso mayi."

"Maame, dzukani! Mukundilodza ine? Dzukani!"

Sindinadzuke. Wezulo inalira kawiri kumunsi, kumufulumizitsa. Utsi unali wochuluka moti panalibe wotiona. Anayang'ana mitengo, anayang'ana ine. Kenako anatukula muuni m'mwamba, anachotsa mwendo wake m'manja mwanga mofatsa, nayenda osayatsa mpaka mizere inayiyo itatha. Kumeneko ndiko anayambiranso.

Mpatawo unali wa mapazi ngati makumi atatu. Moto waukulu unadzera pomwepo. Mizere inayiyo inapsa ndikuona, masamba ake akupiringizika ngati mapepala. Unalumpha kanjira, unanyambita ngodya ya munda wanga, n'kulowa m'munda wa Papa Effah, woyandikana nane. Nkhokwe yawo ya zilazi inapsa yonse, zodya ndi zambewu zomwe. Gulu linaugwira motowo kumtsinje dzuwa likulowa.

Patatha masiku atatu kunali msonkhano pabwalo la sukulu. Ine ndinakhala pa benchi ya amayi. Wofa Ameyaw anaimiritsa Kyeremaa pakati.

"Ndinakupatsa mzere kuyambira pamwala mpaka pamtsinje. Mpata unachokera kuti?"

"Ndinausiya ndine, Wofa."

"Muuni unazima?"

"Sunazime."

"Nanga?"

Kyeremaa sanayang'ane kumene ndinakhala, ngakhale kamodzi.

"Ndinaopa, Wofa," anatero.

Papa Effah anadzuka, chipewa kumanja. "Ndinanena ine! Mkazi ndi moto amadziwana kukhitchini basi. Tsopano ana anga adya mantha akewo? Ndidzala mantha akewo?"

Anthu ena anaseka, ena anadzuma. Mayi amene ndinakhala naye pafupi, mnzanga wa m'chigwirizano, anandigwira dzanja.

"Pepani, Maame Dufie. Ana amasiku ano amatichititsa manyazi."

Ndipo ine ndinayankha kuti, "Zikomo."

Mawu amenewo ndi okhawo amene ndinayankhula pamsonkhanopo. Wofa Ameyaw anamulanda muuni n'kumubwezera ku ndowa.

Kunyumba Kyeremaa sanandifunse kanthu. Ankasinja fufu, nsima yathu ya zilazi, ine ndikutembenuza mumtondo, dzanja langa likulowa ndi kutuluka pansi pa munsi wake monga masiku onse, ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse ankapita kumunda kwa Papa Effah kukawaundira mitumbira popanda womutuma. Bamboyo sankamupatsa moni. Kope lija analisiya pawindo mpaka linapindika ndi dzuwa.

Ine ndinkadziuza kuti ndiyankhula mawa. Ndinkati nkhaniyo iyambe yazizira. Ndinkati ndine wamasiye, ndikataya ulemu ndatsala ndi chiyani. Lamulungu la Mgonero ndinakhala pampando osapita kutsogolo, ndipo atandifunsa ndinati bondo likupweteka. Zinatero milungu isanu.

Mvula yoyamba itagwa, ndinapita kwa Wofa Ameyaw m'mamawa. Ndinawapeza akukonza mpini wa khasu. Ndinawafotokozera zonse, maso ali pansi. Iwo sanasiye kusema.

"Ndinkadziwa kuti pali china," anatero. "Mtsikana amene chaka chatha analowa m'bango likuyaka kukatulutsa mbuzi za eni, aope udzu wa m'munda wa mayi ake?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani, mwini wake atavomera pamaso pa anthu? Ndinkadikira inu, mlongo wanga. Ndinadikira milungu itatu. Kalata inapita kale, dzina ndinalemba la wina."

"Singabwezedwe?"

"Mnyamatayo anyamuka Lolemba." Anaika mpini pansi. "Mukanaimirira tsiku lija, kaya. Mwina ndikanamukalipira, n'kumulembabe. Munthu wogonjera mayi ake ndingamuphunzitse. Wamantha sindingamutumize. Komabe musaiwale, muuni ndinapatsa iye, osati inu."

Ndinafunsa chimene ndingachite.

"Kwa ine palibe. Koma mudzi ukumutchabe wamantha, ndipo Effah akumutukwana, mwanayo akumulimira."

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira m'tchalitchi. Ndinayamba kuyankhula, koma mkulu wa mpingo anandidula.

"Kwezani mawu, Maame, akumbuyo sakumva."

Ndinayenera kuyambiranso. Ndinanena za kugwada, za jombo, za mawu amene ndinamuopseza nawo, ndiponso kuti pamsonkhano ndinalandira chipepeso chimene sichinali changa. Nditakhala pansi, mnzanga wa m'chigwirizano uja anasuntha pang'ono. Potuluka, Papa Effah anandidutsa pakhomo, anaima, nati, "Mumuuze mwanayo asabwerenso kumunda kwanga. Mitumbira yotsalayo muunda ndinu." Ndinaiunda. Inanditengera milungu iwiri.

Kyeremaa sanali m'tchalitchimo tsiku limenelo. Gulu linapita kukadzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, ndipo anabwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'maondo. Anakhala pakhonde n'kuyamba kuvula jombo. Ndinaima pakhomo.

"Ndayankhula kutchalitchi," ndinatero.

"Ndamva. Nkhani inatipeza kumtsinje tisanamalize n'komwe."

"Ndachedwa."

"Mwachedwa, Maame."

Anagogoda jombo pamwala kuti matope agwe. Mu Meyi anakwanitsa zaka 30. Ku sukulu ija sadzapitanso, ndipo yunifomu sadzaivala. Amasoka pa makina obwereka pakhonde la sitolo, ndipo wezulo ikalira amasiya nsalu ili pa singano n'kuthamanga, wopanda malipiro monga anzake onse. Wofa Ameyaw anamubwezera muuni chilimwe chotsatira.

Koma tsiku lija pakhonde panali mawu ena amene anawonjezera, asanalowe kukasamba.

"Ndikuuzirenitu, Maame. Mukadzandigwiranso mwendo moto uli patsogolo, ndidzakukankhani."

"Udzandikankhe, mwanawe," ndinatero, n'kupita kukamutenthetsera madzi.