Kachitsamba Kaubweya ka Abambo

Abambo anga sanali munthu wa kunyanja. Anabadwira kuphiri ku Dedza, kwathu kwa Maganga anabwera kudzakhala pachikamwini atakwatira amayi. Atabwerako kunkhondo ya azungu, thupi lawo linakaniratu dziko lathu. Malungo ankawagwetsa mwezi ndi mwezi, ndipo kukatentha ankagona pansi pa mtengo wa mango akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Abale awo ankawaitana kuti akwere. Amayi sakanasiya dimba la mpunga, amalume nawo za chitengwa anakaniratu. Tonse tinkadziwa kuti tsiku lina abambo adzapita, kungoti panalibe wolimba mtima kunena.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi pamene abambo anabwera kuchokera kumaliro kwawo kuphiri atanyamula kachitsamba m'chitini. Ine pakamwa sindinkatseka.

"Ababa, ulendo wonsewu mwatitengera zinyalala?"

Kanali konyansa, ndisaname. Kafupi ngati chibakera changa, kotuwa mbuu, timasamba tothinana taubweya ngati khutu la mbuzi. Abambo sanakwiye. Anandigwira chala nkuchisisititsa pa tsamba.

"Wamva? Bulangete lake limeneli. Kumtunda kuja kumazizira, mphepo sipuma, ndiye kamakwawa pansi kuti mphepoyo izidutsa pamwamba. Timasamba tachepa dala kuti dzuwa lisakamwere madzi. Mphamvu zake zonse zili kumuzu, umalowa mumng'alu wa mwala kutalika kuposa mkono wakowu."

Anatiuza kuti ali kunkhondo ku Abisiniya, komwe lero timati ku Itiyopiya, anakwera mapiri aatali kuposa la kwawo, nkukapeza zomera zovala ubweya womwewu, zina zitaunjikana ngati anapiye, zina zotseka masamba kukazizira ngati kabichi. Akuti anagwada nkuzigwira, asilikali anzawo akuwaseka. Anthu a kumeneko sankamvana nawo chinenero, koma zitsambazo anazidziwa.

Anakabzala pachulu kuseri kwa nyumba, pakati pa miyala yomwe anakatola okha. Akusamba m'manja anauza amayi moseka, "Mayi a mwana, aka kakagwira, nanenso ndagwira." Amayi anangoti, "Inunso ndi nthabwala zanuzo." Ine sindinamve nthabwala ayi. Mawuwo ndinawameza onse.

"Musakathirire," anatero abambo, "kali ndi nzeru zake."

Aa! Chomera chanji chosafuna madzi? Ine ndinakulira mumpunga. Kwathu mbewu ukaikonda umaiyimika m'madzi mpaka m'mawondo. Ndinaganiza kuti malungo awasokoneza mutu abambo, ndipo kachitsambako kakafa ndi ludzu iwo apita. Choncho akangotsikira kudimba ndi amayi, ine ndi chikho ulendo kuchitsime. M'mawa kamodzi, masana kawiri. Ndinkatapanso matope akuda kudambo nkuwakankhira pansi pa miyala kuti asaoneke. Ndinkalankhula nako, ndithu. Ndinkati, "Imwa iwe, usandichititse manyazi."

Masabata awiri oyamba kanatalika, nkutulutsa masamba obiriwira opanda ubweya. Ndinkavina ndekha kuseri kwa nkhokwe. Abambo ankangokayang'ana atakwinya nkhope.

Sabata yachitatu kanagona pansi lefuu. Tsiku limenelo anabwerako msanga kudimba chifukwa thupi linayambanso kunjenjemera, nkundipeza nditaima pachulu ndi chikho m'manja. Anawerama nkukakoka pang'ono. Kanazuka kopanda muzu, kakununkha ngati chinangwa chonyika. Anapisa chala pansi pa mwala, chinatuluka ndi matope.

Sindinadikire kuti afunse. Ndinalira mokuwa moti mbuzi zinabalalika.

"Ndine, ababa! Ndimenyeni, koma musapite!"

Anakhala pansi pachulu pomwepo nkundikokera pamiyendo, ngakhale ndinali nditakula kale zokhala pamiyendo. Thupi lawo linkatentha ngati mbaula.

"Ha, mwana wanga, mawu aja unatola?" Anandipukuta mamina ndi m'mphepete mwa malaya awo. "Sunalakwe. Aka kakanafabe, kutentha kuno sikakanakupirira. Wolakwa ndine amene ndinakazula kwawo."

"Ndiye simupita?"

Ndimawakonda mpaka lero chifukwa sanandinamize.

"Ndipita. Ndikakhala, mundiika m'manda dzinja lino lisanathe. Koma mwera ukayamba kuwomba, kuno kukazizira, uziyang'ana kunjira. Ndizitsika."

Anakwera mvula isanagwe. Ndipo anasunga mawu awo. Mwera ukangoyamba, ankatulukira ndi thumba la mbatata ya kachewere pamutu, masaya atadzaza, akuyenda ngati mnyamata. Ankatithandiza kupuntha mpunga, kufolera nyumba, nkundifunsa za kusukulu, ine ndikulongolola mpaka amayi kundikalipira. Kutentha kukayamba ankamanga katundu. Ndinakula ndi bambo wa miyezi inayi pachaka, ndipo miyezi ina isanu ndi itatu ndinkadana nalo phirilo ndi mtima wanga wonse.

Amayi anandiuza mpaka ukalamba wawo kuti sichinali chikho changa chinawachotsa abambo pakhomo. Ndikudziwa, sindine wopusa. Koma mtima wa mwana sumva zimenezo.

Abambo anatsika zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chotsatira mwera unawomba mwezi wathunthu, ine tsiku ndi tsiku kunjira. Amene anatulukira anali ang'ono awo, ali okha, atanyamula chipewa cha abambo m'manja.