Nambala ya Opanda Desiki

Dzina lawo lenileni linali pachitupa cha ntchito, ndipo chitupacho chinkagona m'dirowa. Ofesi yonse inkangowatcha Mayi Halo.

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala pakhomo lolowera la kampani yogulitsa mapampu ndi mapaipi a madzi, kuseri kwa tebulo lalitali, foni ataipana ndi phewa, cholembera atachisomeka m'tsitsi. Patsogolo pawo panali swichibodi, bokosi lotuwa la mabatani ambiri, batani lililonse ndi kanyali kake. Kanyali kakathwanima ankayankha, n'kumva chimene munthu akufuna, n'kudina batani la wofunidwayo. Papepala la ntchito zawo panalembedwa zokhazo.

Papepalapo sipanalembedwe kuti akauntanti samva bwino khutu lakumanzere, choncho foni yawo iziyamba yalira nthawi yaitali. Sipanalembedwe kuti makaniko akati "ndikubwera pompano" ndiye kuti mawa, kapena kuti pali mayi wina wa mawu okoma amene akafuna mkulu wa zamalonda ayenera kuuzidwa kuti ali pamsonkhano, ngakhale mkuluyo ali pomwepo akusenda nthochi. Zonsezi zinkakhala m'mutu mwa Mayi Halo.

Chinanso chimene sichinalembedwe ndi cha anthu opanda desiki. Panali osesa atatu, alonda awiri ndi bambo wosamalira maluwa. Pa swichibodi panalibe batani lawo, koma nawonso anali ndi ana, makolo ndi maliro. Foni yawo ikabwera, Mayi Halo ankati, "Gwirani pomwepo, musadule." Kenako ankavula nsapato za ku ofesi, n'kuvala masilipasi amene ankasunga pansi pa tebulo, n'kuyamba kusaka munthu. Ankadziwa kuti nthawi yakuti osesa amakhala kuzimbudzi za m'mwamba, nthawi yakuti ali kukhitchini kutsuka makapu. Masitepe a nyumbayo anali makumi awiri ndi awiri, ndipo maondo awo ankawadziwa onse.

Amene ankaitanidwa kawirikawiri anali wosesa wina, mayi wamtali wosayankhulayankhula, amene onse ankamutcha amake mapasa. Mmodzi wa mapasawo, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, anali ndi matenda akugwa. Foni ya m'manja ya amake mapasa inkatsala kunyumba ndi apongozi awo odwala, choncho nambala imene anasiya kusukulu inali ya ofesiyo. Mwezi unkatha phee, nthawi zina miyezi iwiri. Kenako aphunzitsi ankaimba, ndipo Mayi Halo ankangomva kapumidwe kawo n'kuyamba kufunafuna masilipasi ndi phazi.

Chaka chimenecho nthawi yawo yopuma pantchito inakwana. Abwana anaitanitsa msonkhano n'kulengeza kuti pampando wa Mayi Halo sipadzakhalanso munthu. Kubwera makina atsopano a mafoni, odziyankhira okha.

Wodzaika makinawo anali mmisiri wamfupi, wa imvi za m'mbali, amene anafika ndi makwerero ndi mpukutu wa waya wabuluu. Masiku atatu anakhala mutu uli m'siling'i, miyendo yokha ikuoneka. Waya uliwonse unkachoka pa desiki n'kukathera m'kabati yachitsulo kuseri kwa Mayi Halo, mmene anaikamo bokosi lakuda la timagetsi tobiriwira. Popumula ankakhala pamphepete pa tebulo lawo n'kumawafotokozera, ngati munthu woonetsa mwana wake wakhanda.

"Desiki iliyonse ikhala ndi nambala yake ya m'kati, mayi. Za pansi pano ziyamba ndi 1, za m'mwamba ndi 2. Foni ikalira kasanu osayankhidwa, ilumphira kwa woyandikana naye. Nayenso akakhala kuti wapita kokamwa tiyi, woimbayo asiya uthenga. Podikira azimva kanyimbo."

"Nanga woimbayo akakhala wokwiya?"

"Kanyimbo."

"Akakhala kuti akulira?"

Mmisiriyo anakanda pamutu. "Kanyimbo komweko. Ndili nako kamodzi kokha."

Anaseka onse. Kenako anatulutsa mndandanda umene abwana anamupatsa, wosainidwa m'munsi, n'kuwapempha kuti aone ngati maudindo alembedwa bwino. Mayi Halo anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Madesiki makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, onse analipo. Anabwerezanso, ngakhale ankadziwa kale chimene sakuchipeza.

Lachisanu mmisiri anati makinawo akufunika mawu olandirira anthu, ndipo abwana anati palibe mawu ena amene makasitomala amawadziwa koposa a Mayi Halo. Anawapatsa kapepala. Anajambula kasanu ndi kawiri, chifukwa koyamba kunadutsa lole, kachiwiri anatsokomola, kachitatu mmisiriyo anagwetsa sikuludiraiva.

"Takulandirani. Ngati mukufuna kugula katundu, dinani 1. Ngati pampu yanu yawonongeka, dinani 2. Kwa akauntanti, dinani 3. Kusitolo, dinani 4."

Atamaliza anayang'ana kapepalako, kukamwa kuli kotsegula pang'ono. Abwana anali ataima pambali, akuyang'ana wotchi. Mayi Halo anatseka pakamwa. Zaka zonsezo anazolowera kuti wa pafoni amanyamula mawu a eni ake, akeake amasunga. Anadziuza kuti anena Lolemba.

Lolemba makina anayamba ntchito, ndipo tsikulo linatha ndi kuphunzitsa anthu kupatsirana foni osaidula. Lachiwiri linapita chimodzimodzi. Swichibodi yakale anaizula n'kuiika pakona, waya ataukulunga pamwamba. Foni zinkalira m'maofesi, kutali, ndipo dzanja la Mayi Halo linkanyamuka lokha n'kubwereranso pamwendo.

Lachitatu masana, 3 koloko itadutsa, mmisiri anabwera kudzaona ngati zonse zikuyenda. Analoza kanyali kofiira pafoni yatsopano ya patebulo pawo.

"Aka kakayaka ndiye kuti muli mauthenga osowa mwini. Onse osochera amagwera muno. Simunamvereko?"

"Palibe anandiuza."

Anadina batani. Munali mauthenga khumi ndi limodzi. Wina ankafunsa mtengo wa paipi, wina anangopumira m'foni n'kudula. Wachisanu ndi chimodzi unali wa 10 koloko m'mawa wa tsiku lomwelo, mawu a mzimayi wothamanga.

"Halo? Mayi? Ndine mphunzitsi uja. Ndikufuna amake mapasa, amasesa kumeneko. Mwana wagwa, wadzimenya pabenchi, watemeka pachipumi. Tikupita naye kuchipatala. Ndadina 1, andipatsa nyimbo. Halo? Mukundimva?"

Mayi Halo sanamve uthenga wotsatira. Anawapeza amake mapasa pakati pa masitepe, akukolopa. Anangoti, "Kusukulu. M'mawa. Ali kuchipatala," ndipo mayiyo anasiya mopu ili chiimire m'ndowa, n'kutsika osavula ndi epuloni yomwe. Masitepe anatsala theka onyowa, theka ouma. Mayi Halo anapinda manja a bulauzi n'kumaliza kukolopa, kuopa kuti wina angaterereke n'kuyamba kufunsa kuti wosesa ali kuti.

M'mawa mwake anakumana kukhitchini. Mwana anali atasokedwa katatu, ndipo anali kunyumba.

"Ali bwino, mayi. Kungoti anandifunsa kuti, amama, munali kuti? Mnzake wamapasa uja ndiye anakhala naye tsiku lonse, osadya." Amake mapasa ankatsuka kapu imodzi yomweyo, kuitembenuza ndi kuitembenuzanso. "Ine sindikudandaula ndi munthu. Makinawo andidziwira kuti ine? Koma aphunzitsi akuti anamva mawu anu. Akuti anakupatsani moni, anakufotokozerani zonse, inu n'kumangoti dinani, dinani."

Mayi Halo anabweza kapu yawo pashelefu. Anatuluka osamwa tiyi, n'kukapeza mmisiri akulongedza zida zake.

"Amisiri, bokosi lanulo ladzaza?"

"Ayi. Lili ndi malo makumi atatu ndi awiri. Asanu ndi limodzi akungokhala."

"Waya watha?"

"Ulipo wokwana kumangira mbuzi khumi." Anawayang'ana, n'kusiya nthabwala. Uthenga uja anaumva nawo. "Ndikudziwa chimene mukufuna, mayi. Ndi ntchito ya ola limodzi. Koma ine ndimayenda ndi pepala. Chimene sichili papepala losainidwa, kwa ine kulibe."

Mayi Halo anatenga mndandanda uja, n'kulemba mzere umodzi m'munsi ndi cholembera cha m'tsitsi. Kenako anakwera masitepe makumi awiri ndi awiri, ulendo uno atavala nsapato za ku ofesi.

Abwana sanali munthu woipa. Anamvetsera nkhani ya mwanayo n'kupukusa mutu mwachisoni. Koma ataona pepalalo anabweza mpando kumbuyo.

"Mayi, anthu aja si antchito athu. Osesa ndi a kampani ya zaukhondo, alonda ndi a kampani ina. Nkhani ya mafoni awo ndi ya mabwana awo."

"Makapu amene amatsuka ndi athu, bwana. Geti limene amalondera ndi lathu. Mwana akagwa, mayi ake amakhala ali m'nyumba muno."

"Chabwino. Tiike foni kukhitchini. Aziyankha ndani? Ndilibe munthu wa zimenezo."

Mayi Halo anayang'ana manja awo. Sanazolowere kuyankha abwana, ndipo mawu anatuluka otsika kwambiri.

"Zaka zonsezi munalibenso munthu wa zimenezo. Koma zinkayankhidwa."

Abwana anayang'ananso pepalalo. Mwina ankawerenga m'mutu maulendo amene anaona tebulo la pakhomo lili lokha, n'kumaganiza kuti mayiwa apita kokacheza. Anatenga cholembera.

"Ikhale yolandira kokha. Isamaimbe kunja."

"Amisiri akuti zimenezo zimatheka."

Foniyo mmisiri anaikhoma pakhoma la kukhitchini, pakati pa sinki ndi shelefu ya makapu. Inali yotsala m'galimoto ya mmisiri, yopanda galasi, yong'aluka pakona. Mayi Halo anajambulanso mawu, ndipo kumapeto anawonjezera kuti, "Ngati mukufuna osesa, alonda kapena a maluwa, dinani ziro." Ulendo uno anajambula kamodzi kokha.

Koma sanakhutire. "Amisiri, munthu mtima uli m'mwamba samvera mpaka kumapeto. Ena sadina n'komwe. Amangoyamba kuyankhula, ngati aphunzitsi aja."

"Ndiye titere. Amene sadina kanthu, makina adikire pang'ono, kenako amuponye kukhitchini." Anagogoda pakompyuta yake, n'kuima. "Koma mudziwe, mayi, osadina kanthu ndi ambiri. Agogo ofuna paipi, olakwitsa nambala, onse azigwera komweko."

Mayi Halo anamva. Anaganiza za manja onyowa amene azisiya makapu kuti akayankhe agogo ofuna paipi. Anaganizanso za mwana wa chipumi chosokedwa. Anapita kukafunsa mwini wake.

Amake mapasa anamvetsera, akufinya mopu. "Ilire basi," anatero. "Bola ikalira ya ine ndiimve."

Choncho nthawi yotsalayo Mayi Halo anaithera kukhitchini, akuphunzitsa osesa atatu aja kuyankha ndi kupatsira foni kumadesiki. Analemba manambala a m'kati pakatoni n'kumata pambali pa foniyo. Pamzere wa akauntanti anawonjezera kuti: isiyeni ilire.

Lachisanu, tsiku lawo lomaliza, anzawo anawapatsa maluwa ndi wotchi ya pakhoma, abwana n'kuyankhula mawu abwino onena za kukhulupirika. Zitatha, Mayi Halo anatsikira kukhitchini ndi kachikwama ka zinthu za m'dirowa. Amake mapasa anali pasinki, akutsuka matambula a paphwandolo.

Foni ya pakhoma inalira.

Amake mapasa anauma, thovu lili m'manja. Anapukuta pa epuloni, n'kunyamula foni ndi manja awiri.

"Halo?" Anamvetsera. Mapewa ake anatsika pang'onopang'ono. Sikunali kusukulu. "Alonda a masana? Inu ndinu akazi awo? Chabwino, mayi. Gwirani pomwepo, musadule."

Anagoneka foniyo pashelefu n'kusuzumira pawindo. Geti linali kutsidya kwa bwalo loimikapo magalimoto, dzuwa lili phwee, ndipo nsapato zake za labala zinali panja, zonyowa, zikuuma.

Mayi Halo anatsegula kachikwama, n'kutulutsa masilipasi aja. Anali atadyeka kuzidendene. Anawaika pansi, pafupi ndi mapazi a mnzawoyo.

"Mukabwerako muziwasiya pansi pa fonipo."

Amake mapasa anawavala. Zidendene zinatsala kunja pang'ono. Anatuluka, ndipo Mayi Halo anamva phapha, phapha, kudutsa pakhonde mpaka pabwalo. M'foni pashelefu paja munkamveka mwana akulira chapatali, ndi mzimayi akumutonthoza. Matambula anali adakali m'sinki. Mayi Halo anaika chikwama pampando, n'kupinda manja a bulauzi.