Hotela Yopanda Mowa ku London

Chaka chimene ndinapita ku London ndinkaphunzitsa zosoka ndi zophika pasukulu ya mishoni kufupi ndi Mvera. Boma linkatumiza aphunzitsi angapo kumaphunziro a miyezi yochepa, ndipo m'dera lathu mwayi unagwera ine. Pasipoti inavuta, khadi lachipani ankandifunsa pa ofesi iliyonse, koma zonsezo zinatheka. Chimene chinatsala pang'ono kulepheretsa ulendo ndi malo ogona.

Okonza maphunziro anatumiza kabuku ka zithunzi za mahotela atatu kuti aliyense asankhe. Ine mtima unagwera yaitali, ya pakati pa mzinda, yoyang'ana kumtsinje. Kuchokera pamenepo kupita kokaphunzira kunali kongoyenda pansi. Ndinaonetsa amuna anga, omwe anali kalaliki pamsika wogula mbewu, munthu wofatsa. Anatembenuza masamba mpaka anaima pa chithunzi cha chipinda chodzaza mabotolo m'mashelefu.

"Amayi, ichi n'chiyani?" anandifunsa.

"Alemba kuti ndi pochezera alendo."

"Iyi ndi bala. Ndikuona matambula awo."

Masiku amenewo mawu oti hotela sankakoma pa mkazi wapabanja. Ogona m'nyumba za alendo anali madalaivala a malole ndi ogula fodya, ndipo akazi opezeka kumeneko anthu ankawatchula dzina lina. Amuna anga sanandiletse, koma anakafotokoza nkhaniyo kwa amalume awo, mkulu wa mpingo wa ku Ntchisi. Loweruka lotsatira amalumewo anafika pa njinga, fumbi mpaka m'maondo.

"Apongozi, kuphunzira sitikukaniza ayi," anatero atamwa madzi. "Koma ine ndinakhalako ku Joni, mahotela ndinawaona. Mpingo udzamva kuti mayi wa chigwirizano amagona pamwamba pa bala, tidzayankha chiyani?"

Ndinawauza kuti sindinalawepo mowa ndipo sindikayambira kumeneko. Iwo anati sakukayika ine, akuopa pakamwa pa anthu. Pamapeto tinagwirizana zokafunsa dona wina wachizungu wa pamishoni, yemwe anakhalapo ku London. Donayo analoza hotela yomaliza m'kabukumo, yaing'ono. Anati mwini wake ndi mayi wamasiye, sagulitsa mowa, ndipo amafikirako anthu a mipingo.

"Koma ili kutali kwambiri ndi sukulu yanu," anachenjeza.

"Kutaliko ndiye kwabwino," anayankha amalume. Nkhani inathera pomwepo. Ndinalemba dzina la hotelayo mtima usakufuna.

Nditafika ndinapeza kuti inali nyumba yopyapyala pakati pa nyumba zofanana zokhazokha. Chipinda changa chinali pamwamba penipeni, bafa logwiritsa ntchito tonse, ndipo zenera linkayang'ana kukhoma la njerwa zakuda. Mayi wamasiye uja anali wamfupi, wosaseka wamba. Anandionetsa nthawi ya chakudya ndi nthawi yotseka chitseko, basi. Kuzizira kwa kumeneko kunaposa kwa m'mapiri a kwathu mwezi wa Juni.

Tsiku loyamba ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka yolowera kolakwika. Ndinatsika, n'kukwera ina, n'kusocheranso. Pofika m'kalasi anzanga anali atayamba kalekale, ndipo ndinakhala kumbuyo manyazi atandigwira. Anzangawo, a ku Ghana ndi ku Kenya, onse ankagona kuhotela yaitali ija. Mmodzi anandiitana kukamwa tiyi. M'chipinda cha mabotolo chija tinapezamo agogo awiri achizungu akuluka majuzi, wina akusinza. Ndinaseka mpaka mnzangayo anadabwa, koma kumufotokozera kunandivuta.

Okonza maphunziro ataona kuti ndikuvutika ndi mtunda anati ndikhoza kusamuka. Ndinalingalira masiku angapo. Kwathu palibe akanadziwa. Koma ndinali nditavomera pamaso pa akuluakulu, ndiponso zinthu zinali zitayamba kusintha. Tsiku lina mayi uja anandipeza ndikusoka mpendero wa diresi pamanja, anaima n'kumayang'ana, kenako anabweretsa makatani ake ong'ambika. Tinayamba kusokera limodzi m'khitchini mwake, momwe munali motentha. Anandiphunzitsa kuphika makeke a maapozi, ine ndinamuonetsa kutendera masamba ndi nsinjiro za mtedza umene ndinagula kusitolo ya amwenye. Anandiuza za mwamuna wake amene anafera kunkhondo. Ana analibe. Ndikachedwa ndinkamupeza ataima pazenera. Sindinasamuke.

Sitima zija nazonso ndinazizolowera. Pofika kumapeto, anzanga a pakati pa mzinda aja ankandidikira Loweruka kuti ndiwatsogolere kumisika ya nsalu yotchipa, chifukwa iwo ankangodziwa msewu umodzi wopita kusukulu.

Tsiku lonyamuka mayiyo anandiperekeza mpaka pasiteshoni, atandinyamulira chikwama chaching'ono. Anandipatsa jasi yake yaubweya yotuwa, nati kwanu kuli mapiri, mukaivala. Tinalemberana makalata zaka zingapo, kenako anasiya kuyankha, ndipo sindinapeze wondiuza chimene chinachitika. Jasiyo ndinaivala nyengo zozizira zambiri popita kusukulu m'mawa. Itatha m'zigongono ndinaidula n'kusokera mwana wanga womaliza kajekete.